Pepala la ku labu silinama, koma lili ndi tsiku lake

Amalume anga ali ndi maboti awiri a injini ndi chilimira ku Senga Bay. Fizi yanga ya kuyunivesite imachokera m'madzi amenewo. Anti atandiimbira foni m'mawa wina mwezi wa Juni 2024 kuti amalume agwa pa doko, ndinaima pakhomo pa laibulale miyendo ili njenjenje, ndipo ndivomere kuti mantha anga anali awiri: a moyo wawo ndi a semesita yotsatira. Sindikunyadira zimenezi, koma ndi mmene zinalili.

Mwera unali utawomba masiku atatu, maboti osalowa m'madzi. M'mawa umenewo amalume ankathandiza anyamata awo kukokera boti kumtunda pamene anamva ngati wina wawaika thumba la chimanga pachifuwa. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunkazizira, ululu n'kumatsikira ku mkono wamanzere ndi kukwera kunsagwada. Anthu pa doko anati ndi chilungulira, poti dzulo lake anadya mbatata. Anawasungunulira soda m'madzi. Patapita maola angapo osasintha ndi pamene anawakweza galimoto kupita kuchipatala, ndipo kumeneko anawatumiza ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100 kuchokera kunyanja. Atawajambula mtima ndi makina a ECG, adokotala anati ndi heart attack: mtsempha umodzi wodyetsa mtima magazi unali utatsekeka, ndipo kachigawo ka mnofu wa mtima kanali katayamba kufa.

Anapulumuka. Chimene chandikhalira pamtima mpaka lero ndi pepala lina limene ndinawawerengera ndine, ndi pakamwa panga, pa tsiku lachisanu ali m'chipatala.

Tsiku limenelo anatiuza kuti tikayezetse mafuta a m'magazi ku labu ina ya m'tauni, poti pamene tinalipo zoyezera zinali zitatha. Zotsatira zinatuluka madzulo, papepala loyera la Chingerezi: dzina la choyezedwa, nambala ya wodwala, ndi pambali pake nambala yoyenera munthu wabwinobwino. Pa mzere wa LDL, kolesitolo amene amati woipa uja, panalembedwa 2.3, ndipo pambali pankati asapitirire 3.0. Kolesitolo yense anali 3.9, malire ake 5.2. Panalibe nambala ngakhale imodzi yokhala ndi kanyenyezi kochenjeza.

Mu wodi munali amayi anga, anti, ndi abale ena awiri ochokera ku Chipoka. Onse anandiyang'ana ine, mwana wa kuyunivesite. Ndinakonza pakhosi ngati ndikuyankha funso m'kalasi.

"Amalume, mafuta anu ali bwinobwino. Palibe vuto apa."

Anti anaomba m'manja mwakachetechete. Namwino amene ankadutsa anasuzumira papepalapo, kugwedeza mutu, kulipinda n'kuliika m'buku la kuchipatala, basi n'kupitirira kwa wodwala wina. Palibe anatifotokozera china chilichonse, ndipo nafenso sitinafunse. Tifunsirenji, wowerenga tinali naye?

Mawu anga aja anabala ana awiri. Woyamba anabadwa tisanatuluke n'komwe mu wodi. Anti anafunsa kuti ngati adokotala akuti mtsempha umatsekeka ndi mafuta, ndipo mafutawo sakupezeka, nanga chatseka mtsempha wa munthu woonda, wodya nsomba tsiku lililonse, n'chiyani? Yankho linali pafupi. Miyezi iwiri m'mbuyomo amalume anakangana ndi mwini maboti mnzawo pa nkhani ya anyamata awiri amene anasamuka ku boti lina kubwera ku lawo. Dzina la bamboyo silinatchulidwe mokweza, koma aliyense analimva.

Mwana wachiwiri anabadwa patatha mwezi. Potuluka m'chipatala amalume anapatsidwa mankhwala a masiku 30: aspirin, ena a BP, ena ochepetsa liwiro la mtima, ndi atorvastatin wotsitsa kolesitolo. Atatha, ena mwa iwo panafunika kugula ku famase ku Kamuzu Road. Unali mwezi wa Julayi, mwera ukadali pachimake, usipa osaoneka, injini imodzi itafa. Amalume anandiimbira.

"Mphwanga, ndalama sizikukwana onse. Awa a mafutawa, si unati mafuta anga ali bwino?"

"Eya, amalume, pepala linatero. Gulani a BP ndi aspirin, amenewo ndiye ofunika."

Ndinayankha ndili pa mzere wa chakudya ku kafeteriya, foni ili pa phewa. Sindinaganize kawiri.

Kumapeto kwa Seputembala anayamba kubanika akayenda pamchenga, ndiye anabwerera kukaonedwa. Ulendo uno anakumana ndi dokotala wina, mayi wachikulire, amene anatsegula buku lonse kuyambira tsamba loyamba. Anafunsa kuti atorvastatin ali kuti. Atamva yankho anatumiza magazi ku labu kachiwiri. LDL anabwera 4.2. Ine ndinali nawo tsiku limenelo, ndipo ndinatulutsa pepala loyamba lija ngati loya wotulutsa umboni, kuti labu imodzi mwa ziwirizi yalakwitsa. Mayiyo sanayang'ane manambala. Anayang'ana tsiku lolembedwa pamwamba, kenaka anafunsa tsiku limene amalume anagwa, n'kuwerenga ndi zala.

"Mwanawe, pepala ili silinaname. Koma linayankha funso limene simunalifunse."

Zimene anatifotokozera m'mphindi zochepa zimenezo, ndi zimene ndakhala ndikuwerenga kuyambira pamenepo, ndi izi.

Mtsempha wa mtima sutsekeka tsiku limodzi. Kwa zaka zambiri kolesitolo wa LDL amalowa m'khoma la mtsempha n'kumaunjikana pang'onopang'ono, ngati matope m'ngalande ya mpunga ku Lifuwu. Tsiku lina chotupa chimenecho chimang'ambika, magazi amaundana pamenepo, njira n'kutsekeka. Ndiye kuti chimene chinagwetsa amalume pa doko ndi mafuta a zaka 20 kapena 30 zapitazo, osati a sabata imeneyo.

Koma mnofu wa mtima ukayamba kufa, thupi lonse limachita ngati mudzi umene mwagwa ngozi. Chiwindi, chimene chimapanga kolesitolo wambiri wa m'thupi, chimasiya zina mwa ntchito zake za masiku onse n'kuyamba kupanga zinthu zolimbana ndi kutupa ndi zokonzera pamene pawonongeka. Pa nthawi imeneyi LDL amachotsedwa m'magazi mofulumira kuposa kale. Onjezani kuti wodwala sakudya monga amadyera kwawo, ndiponso kuti madzi a m'madiripu amasungunula magazi. Zotsatira zake n'zakuti kolesitolo yense, LDL, ngakhalenso HDL amene amati wabwino uja, amayamba kutsika patatha tsiku limodzi kapena awiri, amafika pansi penipeni chakumapeto kwa sabata yoyamba, ndipo amabwerera pamene anali patatha miyezi iwiri kapena itatu. Mafuta a mtundu wina, otchedwa triglycerides, nthawi zambiri amachita zosiyana, amakwera. Madokotala anayamba kulemba za kusinthaku m'zaka za m'ma 1950, ndipo kwa nthawi yaitali lamulo linali lakuti: yeza m'maola 24 oyamba, ukaphonya pamenepo dziwa kuti nambala ya masabata otsatira ingakunamize.

Si heart attack yokha imene imachita zimenezi. Opaleshoni yaikulu imatsitsa kolesitolo kwa kanthawi, matenda aakulu a tizilombo m'magazi nawonso, ngakhale malungo amene. Ganizirani anthu angati kunyanja kuno amayezedwa magazi akangodzuka kumene pa malungo.

Kuti ndisakokere nkhani mbali imodzi, ndinene kuti kukula kwa kutsikaku akatswiri amatsutsana nako. Mu 2008 magazini ya madokotala a mtima ku America inasindikiza kafukufuku wa Bertram Pitt ndi anzake, amene anayeza odwala pafupifupi 500 m'masiku anayi oyamba n'kupeza kuti manambala anasintha pang'ono chabe, kusiyana ndi zimene makafukufuku akale ankanena. Chimodzi mwa zifukwa zake chingakhale chakuti odwala a kumeneko amatsegulidwa mtsempha mwamsanga, mnofu wambiri usanafe, ndiye thupi silidzidzimuka kwambiri. Amalume anga anataya maola ambiri pakati pa soda wa pa doko ndi msewu wa ku Lilongwe. Ine ndimaona kuti odwala athu amafanana kwambiri ndi a m'makafukufuku akale aja kusiyana ndi a mu 2008.

Ndipo panali chifukwa chachiwiri chimene chinandichititsa manyazi kwambiri, poti chinali pamaso panga penipeni. Pofika tsiku lachisanu amalume anali atamwa kale atorvastatin masiku asanu. Mankhwala amenewa amayamba kutsitsa LDL m'masiku oyamba omwe. Nambala ya 2.3 ija inali umboni woti mankhwala akugwira ntchito, ine n'kuiwerenga ngati umboni woti mankhwala ndi osafunika.

Chachitatu chinali mzere wa kumanja uja, wa "asapitirire 3.0". Malire amenewo ndi a munthu amene sanadwalepo mtima. Kwa amene anagwapo kale, malangizo a bungwe la madokotala a mtima ku Ulaya a mu 2019 amati LDL atsike mpaka pansi pa 1.4, komanso atsike ndi theka kuchokera pamene anali. Kutanthauza kuti ngakhale 2.3 ija, imene anti anaiombera m'manja, inali isanafike pofunika. Makina a ku labu sadziwa kuti magazi awa ndi a munthu amene anagwa pa doko Lachiwiri lapitali. Amasindikiza malire omwewo kwa aliyense.

Amene anamvetsa msanga anali amalume, osati ine. Atamvetsera anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye kuti munakawerenga usipa mwezi uli mbee." Aliyense wa kunyanja amadziwa kuti usipa amaukopa ndi nyali usiku wamdima, ndipo mwezi ukawala nyali zimangotha mafuta, maboti amabwera opanda kanthu. Mlendo wofika pa doko sabata imeneyo angapite kwawo kukanena kuti m'nyanja ya Malawi usipa unatha. Mayi dokotala uja anati fanizo limeneli aziligwiritsa ntchito kwa odwala ena.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna kuyankhula nanu, anzanga a m'makoleji ndi inu amene mwangomaliza kumene.

Ine ndimaphunzira mbiri yakale ndi chiyankhulo. Chaka choyamba chenicheni anatiphunzitsa kuti ukagwira lipoti la DC wachitsamunda, usanakhulupirire mawu amodzi, funsa kuti analemba ndani, liti, akulembera ndani, ndipo m'bomamo munkachitika zotani mwezi umenewo. Ndinakhoza bwino phunziro limenelo. Koma atandipatsa pepala la ku labu ndinaiwala zonse, chifukwa linali ndi manambala, ndipo ife a maphunziro a mawu timaopa manambala mpaka kuwapembedza. Timaganiza kuti nambala ilibe mbiri. Chonsecho pepala la ku labu ndi chikalata ngati china chilichonse: lili ndi tsiku, lili ndi amene linalembedwera, ndipo pali zimene zinkachitika m'thupi pa ola limene magazi anatengedwa.

M'mabanja ambiri a kwathu, amene wafika kuyunivesite ndiye amasanduka wowerenga wa mtundu wonse. Kalata ya kubanki, fomu ya ngongole, chikalata cha malo, zotsatira za kuchipatala, zonse zimajambulidwa n'kutumizidwa pa gulu la WhatsApp la banja ndi mawu akuti "tatiuza, akuti chiyani apa". Ndipo ife timayankha. Wophunzira zamalamulo amayankha za impso, wa zachuma amayankha za shuga, ine wa mbiri yakale ndinayankha za mtima. Timalowa pa Google mphindi ziwiri, kufananitsa nambala ya kumanzere ndi ya kumanja, n'kupereka chigamulo. Kunena kuti "tiyeni tikafunse amene anatituma kukayezetsa" kumaoneka ngati kuvomera kuti fizi yonse ija inapita pachabe. Akuluakulu anati safunsa adadya phula, koma kwathu amene anadya phulalo si amene analephera kufunsa. Ndinalephera kufunsa ndine, amalume ndi amene anakhala miyezi iwiri ndi theka opanda mankhwala oteteza mtima wovulala kale.

Sindikufuna kusenza mlandu wonse ndekha, chifukwa kutero kungakhalenso kudzikuza. Pepala lija linadutsa m'manja mwa anthu ophunzira ntchitoyo. Ndikudziwa mmene mizere imakhalira m'zipatala zathu, ndinagona pa simenti ya mu wodi sabata yathunthu, ndinaona namwino mmodzi akuthamangira odwala odzaza chipinda. Sindikunyoza munthu. Komabe chiganizo chimene chikanatipulumutsa n'chachifupi kwambiri: "Nambala iyi yatsika chifukwa cha matendawa ndi mankhwalawa, musasiye kumwa, mubwere mudzayezetsenso pakatha mwezi ndi theka." Nthawi yonenera mawu amenewa ndi yochepa kuposa yopindira pepala. Ndipo ndi zimene malangizo a madokotala amanena kale: munthu akagwidwa ndi heart attack ayambe statin wamphamvu nthawi yomweyo osadikira kuti pepala linena chiyani, ndipo ayezedwenso pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti aone ngati mlingo ukukwanira.

Ena anena kuti anthu athu sangamvetse zinthu zozungulira chonchi, zakuti nambala yabwino ikhoza kutanthauza kuti upitirize mankhwala. Ine ndikukana, ndipo umboni wanga uli pa doko pomwepo. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Lero mayi wogulitsa usipa wofutsa amene sanafike Sitandade 8 akhoza kukufotokozera bwinobwino kuti akakuuza kuchipatala kuti tizilombo sitikuoneka m'magazi, sindiye kuti wachira, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito ndipo ukasiya tibwerera. Mfundo yake ndi yomweyo ndendende ndi ya kolesitolo wa amalume. Anthu anaimvetsa chifukwa kwa zaka 20 panali alangizi, magulu a odwala, mawayilesi, masewero, ndi anthu amene anakhala pansi n'kuipezera mawu a Chichewa. Matenda a mtima sanapatsidwe mwayi umenewo.

Onani mawu amene tili nawo. "Mafuta." Ophikira ndi mafuta, a injini ya boti ndi mafuta, odzola ndi mafuta, a pamimba pa bwana ndi mafuta. Ukauza msodzi wa minofu yolimba ngati chingwe kuti ali ndi mafuta m'magazi, amadziyang'ana pamimba n'kuseka. M'maganizo mwathu mafuta amaoneka ndi maso, ndipo ndi chizindikiro cha kupeza bwino. Chonsecho kolesitolo wambiri thupi limadzipangira lokha m'chiwindi, ndipo kuchuluka kwake kumayendanso m'magazi a pamtundu. Agogo anga, bambo awo a amalume ndi amayi, anangogwa kumunda ali ndi zaka za m'ma 50, osadwala. Nthawi imeneyonso panatchulidwa dzina la munthu. Heart attack yeniyeniyo tilibe dzina lake limodzi lokhazikika. Timangoti "BP", "mtima", "anangogwa", mawu omwewo amene timanenera sitiroko ndi kukomoka. Chinthu chopanda dzina n'chosavuta kuchipachika pa mnansi.

Ndiponso tisadzinamize ndi nkhani yakuti wa kunyanja amadya nsomba ndiye mtima wake ndi wotetezeka. Nsomba ndi yabwino, inde. Koma amalume asuta chingambwe usiku uliwonse pa nyanja kuyambira ali mnyamata, poti amati chimathamangitsa tulo ndi kuzizira. Utaka ndi usipa wa masiku ano zambiri zimadutsa m'chiwaya cha mafuta obwerezabwereza mpaka kuda. M'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi, masana tchipisi cha pa chiwaya chothira mchere wodzaza dzanja. BP anali asanayezetsepo chibadwire. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe, ndipo pafupifupi 9 mwa 100 alionse anali ndi kolesitolo wokwera. Amenewo si mabwana a ku Area 10 okhaokha. Ambiri mwa Amalawi amakhala kumudzi.

Mnzanga wina wophunzira zachuma, nditamuuza kuti ndikulemba nkhaniyi, anandifunsa funso labwino. Anati, dziko limene mu 2022 ndi 2023 kolera anapha anthu oposa 1,700, ndipo Salima yemweyo anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, dziko limene malungo akuphabe ana, likhale pansi n'kumadandaula za LDL? Ndinamuyankha kuti sindikupempha makina otsegulira mitsempha ya mtima m'chipatala chilichonse. Zimenezo n'zodula ndipo ndikudziwa kuti si za mawa. Chimene ndikupempha chili ndi mtengo wa bolopeni. Aliyense wolemba zotsatira za mafuta a m'magazi m'buku la wodwala mtima alembe pambali kuti ndi tsiku lachingati chigwereni, alembe ndi dzanja nambala imene wodwalayu ayenera kufika m'malo mwa ya makina ija, ndipo alembe tsiku lodzayezanso. Kenaka anene chiganizo chija m'Chichewa, kapena m'Chiyao kapena m'Chitonga poti kunyanja kuno tili osakanikirana, pamaso pa wodikirira wodwala, chifukwa amene amasankha mankhwala ogula ndi osiya ndalama zikachepa nthawi zambiri si wodwalayo yekha.

Mankhwalawo nawonso si achilendo kapena atsopano. Wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, anapeza statin woyamba mu 1973 kuchokera ku chuku, inde chuku ngati chimene timatayira chimanga. Anamwalira mu Juni 2024, mwezi womwewo amalume anagwa, ndipo pa doko palibe anamvapo dzina lake. Mu 1994 kafukufuku wamkulu wa ku Scandinavia, wa odwala mtima 4,444, anaonetsa kuti amene ankamwa simvastatin kwa zaka zisanu imfa pakati pawo zinachepa ndi pafupifupi 30 pa 100 poyerekeza ndi amene sankamwa. Kuyambira 2007 simvastatin ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira kwambiri, ndipo masiku ano mankhwala a gulu limeneli amapangidwa motchipa ndi makampani ambiri. Kuti munthu amene wapulumuka heart attack azisankha pakati pa statin ndi pulagi ya injini, ndi chinthu chimene tiyenera kuchifunsa mokweza kwa amene amagula mankhwala a boma. Koma ngakhale akanapezeka aulere mwezi umenewo, amalume akanawasiyabe, chifukwa mphwawo wophunzira anawauza kuti mafuta ali bwinobwino.

Pali zina zikuyenda, ndisabise. Ndondomeko ya PEN-Plus, yobweretsa chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana ku zipatala za m'maboma, kuno kwathu inayambira ku Neno ndipo inafika ku Karonga ndi ku Salima. Mu 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zinaivomereza ku Lomé kuti ifalikire m'maiko onse a m'chigawochi. Imayang'ana kwambiri matenda ngati shuga ya ana, sikoselo ndi mtima woonongeka ndi matenda a pakhosi, koma chimene ndimaikondera ndi khalidwe lake: wodwala amakhala ndi tsiku lobwerera, amakumana ndi anthu omwewo, ndipo wina amatsegula buku kuyambira tsamba loyamba ngati anachitira mayi uja. Wodwala mtima wa mtundu wa amalume amafunika zomwezo. Matenda ake satha tsiku lotuluka mu wodi.

Kwa ife owerengera mabanja athu mapepala, sindikunena kuti tizikana kuwerenga. Agogo akakutumizira chithunzi cha zotsatira sungawayankhe kuti si dipatimenti yanga. Ndikunena kuti tiziwerenga monga anatiphunzitsira kuwerenga china chilichonse. Magazi anatengedwa liti? Munthuyu anali akudwala chiyani sabata imeneyo? Anali atayamba kale mankhwala? Malire a kumanjawa ndi a munthu ngati iyeyu? Ndipo pa funso la kusiya mankhwala, yankho lathu likhale limodzi nthawi zonse, lakuti zimenezo anene ndi amene anawalemba. Ine ndikanangonena mawu amenewo ndili pa mzere wa kafeteriya uja, bwenzi nkhani ino kulibe.

Pa holide ya Khirisimasi ndinapita nawo kukayezetsa kachitatu, atamwa atorvastatin miyezi itatu osadumphitsa. Mapilitsi amasunga m'kachitini ka mbedza, pamodzi ndi sipanala ya injini, poti akuti chimenecho ndiye chinthu chimene sangachiiwale. Chingambwe achepetsa, sanasiyiretu. Anti amapeza timapepala topichirira m'thumba la jekete. Pepala litatuluka anandipatsa ine monga kale.

"Tawerenga, mphwanga."

Ndinayamba ndi tsiku la pamwamba, kenaka miyezi chigwereni, kenaka mankhwala amene akumwa, ndipo pomaliza nambala: 2.0. Anafunsa ngati zili bwino. Ndinati tilowe tikamve kwa adokotala. Mayi uja anati zatsika ndi theka, n'zolimbikitsa, koma sizinafike, ndipo anakambirana nawo zoonjezera mankhwala ena ngati angapezeke.

Pobwerera tinatsikira pa doko dzuwa likupendeka, anyamata akukonza nyali. Mwini maboti uja anali chapatali pang'ono, akusoka ukonde pansi pa mtengo. Kuyambira Juni uja anti samupatsa moni, ana awo anasiya kubwera kwathu kudzaonera mpira, ndipo mkazi wake anasamukira ku mpondamatiki wina... ndikutanthauza banki mkhonde ina, poti ku yakale kunali manong'onong'o. Ndinauza amalume kuti bambo aja tinawalakwira, ndipo kuti chiyambi chake ndi pakamwa panga. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kunyanja, kenaka anati mwezi ukada, usipa ukagwidwa bwino, adzawatumizira beseni limodzi ndi mwana.

Ndinawaimbira sabata yatha kufunsa za mankhwala. Akumwa. Za beseni anati mwezi unali usanade bwino.